Mpando wa M'basi ya ku Woolwich

Ntchito ya keya ndinaiyamba nditangofika ku London, monga amachitira anzanga ambiri ochokera kumudzi. Umalowa m'nyumba ya munthu wokalamba, kumusambitsa, kumuveka, kumupatsa mankhwala, kenako n'kuthamangira basi yopita kwa wina. Ndinkakhala ku Peckham, m'kachipinda ka pamwamba pa shopu yogulitsa nsomba zouma ndi chinangwa, ndipo kampani yathu inkanditumiza kulikonse kumene ena akana. Ndi mmene ndinapezekera ku Thamesmead, kumene munthu amakafika matako atachita dzanzi m'basi.

Amene ankagawa mashifiti ku ofesi anali mayi wina wa ku Zimbabwe, wobadwira pa famu, koma agogo ake anachokera ku Dedza. Akafuna kukupempha chinthu chovuta ankasiya Chingelezi n'kuyamba Chichewa. Tsiku limenelo nditangoyankha foni anayamba ndi Chichewa, ndipo ndinadziwiratu kuti kuli nkhani.

"Asisi, kuli kasitomala ku Thamesmead, mayi achikulire. Athamangitsa kale anzanu angapo. Mwana wawo ali ku Leeds ndipo watopa nazo. Wanena kuti akakanikanso ndi inu, basi, akawasiya kunyumba yosungira okalamba, fulati imene akukhalayo n'kuibweza kukhansolo imene inawapatsa. Koma eni akewo safuna kumva za kuchoka m'nyumba mwawo. Ndiye mukapirireko."

Ndinavomera chifukwa ndinkafuna ntchito. Za kupirira sindinalonjeze, pakuti mtima wanga ndi wapachala ndipo sindibisa.

Fulati yawo inali pamwamba ndithu, m'chimdadada cha simenti chimene lifiti yake inkagwira ntchito ikafuna. Pawindo la pabalaza munthu ankaona mtsinje wa Thames, wotuwa ngati madzi otsukira mbale. Mayiwo anali aatali, oonda, a zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, akuda ngati ine. Anabadwira mumzinda wa Montgomery, m'chigawo cha Alabama ku Amereka, ndipo ku London anabwera ndi mwamuna wawo wa ku Jamaica, amene anali atamwalira kalekale. Ankadwala shuga, ndipo pamwendo wakumanzere anali ndi chilonda chosamva mankhwala. Mutu wokha unali bwinobwino. Ankaiwala ketulo pamoto mwa apo ndi apo, koma chimene unawalakwira sabata yatha sankaiwala. Tinkalankhulana m'Chingelezi, chawo chokoka mawu ngati cha munthu wosafulumira kupita kulikonse.

Tsiku loyamba nditawaphikira tiyi ndinachita zimene ndinaphunzira kwathu ku Balaka ndisanadziwe n'komwe kulemba dzina langa. Ndinanyamula kapu ndi manja awiri, ndinanjuta, mawondo kupinda pang'ono, maso ali pansi, n'kunena kuti, "Tiyi uyu, anti."

Kapuyo sanailandire.

"Imirira bwino," anatero. "Mawondo akowo akudwala? Undiyang'ane kumaso ukamalankhula nane. Ndipo ine si anti wako. Amayi anga anagwira ntchito m'nyumba za azungu moyo wawo wonse, ndipo ana amene ankawapukuta mamina ankawaitana anti, kuti asavutike kuwapatsa dzina laulemu. Ine uzinditchula dzina la mwamuna wanga, ndi Mayi patsogolo pake."

Koma abale! Ulemu umene amayi anga anandiphunzitsa ndi kamtengo, lero wasanduka mlandu? Ndinaika kapu patebulo mwamphamvu moti tiyi anatayikira pambale.

"Kwathu kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano," ndinatero.

"Kwathu munthu wakuda ankazyolika kuti akafike kunyumba ali moyo," anayankha. "M'nyumba muno sindifuna kuona zimenezo."

Mwina chifukwa chakuti ndinawayankha, sanandithamangitse. Anzanga aja akuti ankangoti pepani, pepani, ndipo zinkawakwiyitsa kwambiri. Tinagwirizana motere: ine ndinaleka kunjuta, ndipo polankhula nawo ndinkayang'ana pakati pa magalasi awo, pamene amakhala pamphuno. Iwo ankayesa ndikuwayang'ana m'maso, ine ndinkadziwa kuti sindikutero. Manja awiri okha sindinasiye, ndipo iwo anatopa n'kundidzudzula.

Za Alabama ndisanakumane nawo sindinkadziwa kalikonse. Amereka wanga anali wa m'mafilimu ndi wa zovala za kaunjika. Mbiri ya kwawo ndinaimva pang'onopang'ono, nditakhala pakampando kamfupi ndikuwapaka mafuta kumapazi. Sankafotokoza mwadongosolo ngati mphunzitsi. Ankafotokoza ngati munthu wodandaula za anthu oyandikana nawo nyumba, kuyamba pakati, kulumphira kumapeto, kutukwana munthu amene anafa ine ndisanabadwe.

Anayamba ndi thonje. Ankati dothi la kwawo ndi lakuda, lachonde, ndipo eni dzikolo oyambirira anathamangitsidwa ndi mfuti kupita kumadzulo kuti azungu alimepo thonje. Olima ndi otola anali akapolo. Mumzinda wa Montgomery munali msika wa anthu, pafupi ndi mtsinje, ndipo zigawo zakummwera zitapanduka kuti ukapolo usathe, likulu lawo loyamba linali mzinda womwewo.

"Thonje ndimalidziwa," ndinawauza tsiku lina. "Ndakulira m'munda wa thonje. Onani zala zangazi."

"Ankakukwapula thumba likapanda kudzaza?"

"Ayi. Koma ogula ankatibera pa sikelo."

"Ndiye si zofanana."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza za thangata, mmene agogo athu ankalimira minda ya azungu ulere kuti aloledwe kukhala pa nthaka yawo yomwe, ndi mmene bambo wamkulu ankavulira chipewa pamsewu akaona mzungu, ngakhale akhale kamnyamata. Ndinati asamalankhule ngati mavuto onse a padziko anatsikira ku Alabama kokha. Anangoti, "Mmm." Tsiku lotsatira ndisanavule n'komwe jasi anandifunsa kuti, "Mawu aja unati chiyani? Nenanso." Anayesa kutchula thangata kangapo, lilime lawo likukana.

Nkhani imene ankabwerera kawirikawiri inali ya mabasi. Ali mtsikana, mipando yakutsogolo inali ya azungu, yakumbuyo ya anthu akuda. Munthu wakuda ankalipira kwa dalaivala kutsogolo, n'kutsika, kukalowera khomo lakumbuyo, ndipo dalaivala wankhanza ankatha kunyamuka iwe uli panja utalipira kale. Kutsogolo kukadzaza, akuda okhala pakati ankauzidwa kuti aimirire. Kenako mayi wina wosoka zovala, akuchokera kuntchito, anakana kuimirira ndipo anamangidwa. Anthu akuda a mumzindawo anagwirizana zosiya kukwera mabasi, ndipo anayenda wapansi chaka chathunthu ndi kupitirira, mvula ndi dzuwa, mpaka khoti lalikulu linagamula kuti lamulo losankhana m'mabasi lithe.

Anthu otchuka a nthawi imeneyo ankawayeza ndi sikelo yawoyawo. Mayi wosoka uja ankamulemekeza, koma ankakwiya kuti dziko linaiwala mtsikana wasukulu, wa msinkhu wawo womwe, amene anakana kuimirira miyezi ingapo m'mbuyomo n'kukokedwa ndi apolisi. Za m'busa wachinyamata amene anatsogolera nkhondoyo, amene chithunzi chake chili m'matchalitchi ambiri, ankati, "Ankalankhula bwino, sindikana, ndipo nyumba yake anaiponyera bomba mkazi ndi khanda ali momwemo. Koma amene anayenda ndi amayi anga. Ndi amayi ophika, ochapa, olera ana a ena. Ena ankagulitsa nkhuku yokazinga ndi makeke kuti magalimoto onyamula okalamba apeze petulo. Iwowo zithunzi zawo zili kuti?"

Panali bwanamkubwa wina amene anaima pakhomo la yunivesite kutchinga ophunzira akuda kuti asalowe. Ameneyo akamutchula ankachita ngati alavula. Panali tchalitchi cha ku Birmingham yawo, osati iyi ya kuno, chimene anachiphulitsa Lamulungu m'mawa, n'kupha atsikana anayi atavala zopempherera. Nkhani imeneyi anangoinena kamodzi, mwachidule, kenako anandiuza kuti nditsegule windo. Panalinso mlatho wa ku Selma, pamene anthu oguba kufuna ufulu wovota anamenyedwa ndi zibonga, kupondedwa ndi mahatchi, kuthiridwa utsi wokhetsa misozi. Msuweni wawo analipo ndipo khutu lake limodzi silinamvenso. Iwo panthawiyo anali atachoka kale ku Amereka, ndipo anazionera pa kanema wa eni nyumba imene ankachita lendi ku Brixton, kuno ku London.

Lachitatu lililonse tinkapita kuchipatala cha ku Woolwich kuti anesi akatsuke chilonda ndi kusintha bandeji. Achipatala anali okonzeka kuwatumizira galimoto, koma iwo anakana. "Ndinayenda chaka chathunthu kuti ndizikwera basi ngati munthu," ankatero. "Ndikwera basi." Ankavala ngati akupita kutchalitchi, chipewa, magolovesi, ndodo m'manja. Ulendo umenewu unali mbali ya pangano ndi mwana wawo: akamapita kuchipatala mosadumphitsa, ndipo wosamalira akamakhalitsa, m'fulatimo akhalabe. Tinayenda choncho miyezi yambiri ndithu, kuyambira nyengo yotentha mpaka masamba atayoyoka. Chilonda chinali chitayamba kuuma m'mbali.

Lachitatu limene ndikufuna kunenali kunkawaza kamvula. Basi inali yodzaza. Tinapeza mipando iwiri yoyandikana pafupi ndi dalaivala, iwo kuwindo, ine kunjira. Titayandikira ku Plumstead anakwera bambo wina wachizungu, wokalamba kwambiri, wowerama, ndodo ikunjenjemera m'manja. Anayang'ana uku ndi uku. Achinyamata onse maso anali pa mafoni.

Sindinaganize chilichonse. Thupi linangochita lokha. Ndinadzuka, ndinagwirizanitsa manja, mawondo anapinda okha, maso pansi, n'kunena kuti, "Khalani apa, bambo." Ndi zimene ndikanachita m'minibasi ya ku Liwonde, ndi zimene amayi anga akanandikoka nazo khutu ndikanapanda kuchita. Bamboyo anathokoza bwinobwino n'kukhala. Analibe mlandu uliwonse.

Mayi aja anatambasula dzanja n'kuliza belu. Basi itaima anauza bamboyo mwaulemu kuti awapatse njira, anadutsa ine osandiyang'ana, n'kutsika. Ndinathamangira pambuyo pawo zitseko zisanatseke.

"Mayi, sitinafike. Apa ndi pa Plumstead."

"Ndikudziwa pamene ndili."

"Nanga mwatsikiranji?"

Anayamba kuyenda, kulunjika ku Woolwich, ndodo gu, gu, pa simenti. Pamenepo m'pamene mutu wanga unagwira chimene chachitika: ndinali nditadzukira mzungu m'basi, iwo akuona.

"Anali wokalamba!" ndinatero. "Simunamuone? Akanagwa!"

Anapitiriza kuyenda.

Msewu umenewo ndi wautali, wa magalimoto okhaokha, ndipo chipatala chili kupitirira tauni ya Woolwich, pamwamba pa chitunda. Munthu wa miyendo yabwino amafika atatuluka thukuta. Ndinawapempha kuti tidikire basi ina, anakana ndi mutu. Ndinati ndiitane takisi, anati ndikwere ndekha. Ndinawagwira mkono, anaukutumula. Mabasi athu ankatidutsa imodziimodzi, ena opanda anthu n'komwe, ndipo iwo sankacheuka. Ambulera yanga ndinkaigwira pamwamba pa chipewa chawo ndikuyenda chammbali, ine ndikunyowa.

Kenako mtima wanga uja unafika pakhosi. Ndinasiya Chingelezi n'kuwakalipira m'Chichewa, pamsewu, anthu akutiyang'ana. Ndinati, "Mayi inu ndinu ouma mutu! Mukufuna kudzipha chifukwa cha mpando? Nanga ine ndichite kusanduka mwana wopanda mwambo kuti inu musangalale?" Sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anamva kuti ndakwiya, ndipo anawonjezera liwiro.

Ndinaona bandeji itayamba kufiira pamwamba pa nsapato. Kenako sokosi yonse inanyowa. Titafika pa mashopu oyambirira a ku Woolwich anakhala pakakhoma kamfupi kuti apume, ndipo kudzuka kunakanika. Milomo inali itatuwa. Mwini shopu ya zipatso anabweretsa mpando ndi madzi, ine n'kuimbira ambulansi. Poidikira anakhala chowongoka, magolovesi ali pamiyendo.

Chilonda chinang'ambika ndipo chinalowa matenda. Anagonekedwa m'chipatala masabata angapo. Madokotala anapulumutsa mwendo, koma anati kuyenda kopitirira pakhomo kwatha, ndipo adzafunika munthu usana ndi usiku.

Msonkhano wokambirana tsogolo lawo unachitikira m'kachipinda ka pambali pa wodi. Panali mwana wawo, bambo wa imvi kale, amene anabwera pa sitima kuchokera ku Leeds. Panali nesi wamkulu wa wodiyo, ndi mtsikana wa ku ofesi yoona za okalamba ya kukhansolo. Ine anandiitana chifukwa ndinalipo tsiku lija. Mayiwo anawabweretsa pa njinga ya odwala, ndipo anapempha kuti awayang'anitse kuwindo.

Mtsikana wa kukhansolo anali waulemu. Anati zikuoneka kuti mayiwo anasokonezeka mutu, anatsika basi pamalo olakwika n'kuyamba kungoyenda, ndipo zimenezi zimachitika ukalamba ukafika pena. Anawafunsa ngati akukumbukira chifukwa chimene anatsikira. Iwo anangoyang'ana panja. Anawafunsanso kachiwiri, chimodzimodzi.

Ine sindinathe kupirira. Ndinkadziwa kuti akalemba kuti mutu wasokonezeka, za fulati zathera pomwepo.

"Sanasokonezeke ayi," ndinatero. "Ankadziwa pamene ali ndi kumene akupita. Anatsika chifukwa anandikwiyira ine."

"Munawalakwira chiyani?"

"Ndinapereka mpando wanga kwa bambo wina wokalamba. Wachizungu."

Mtsikanayo anaimitsa cholembera. "Mukutanthauza kuti anatsika basi, n'kuyenda mtunda wonse uja ndi chilonda, chifukwa inu munapatsa mpando munthu wokalamba woyendera ndodo?"

Nditamva mmene zinamvekera pakamwa pake, ndinadziwa kuti ndaononga. Kusokonezeka mutu bola, ankakudziwa ndipo anali ndi njira zake. Izi zinamveka ngati za munthu amene angadzivulaze dala tsiku lina lililonse. Ndinayesa kufotokoza za Montgomery, za mabasi, za chaka choyenda wapansi, koma Chingelezi changa chikakwiya chimathawa, ndipo ndinangomveka ngati ndikusimba filimu.

Mwana wawo yekha ndi amene anamva. Anavula magalasi, n'kupukuta nkhope ndi manja onse awiri.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "zaka zonsezi?"

Iye sanali munthu woipa, ndisamunamizire. Anali atatopa, mkazi wake ankadwalanso, ndipo lifiti ya ku Thamesmead ija ankaidziwa. Onse anagwirizana zoti mayiwo akatuluka m'chipatala apite kunyumba yosungira okalamba ya kufupi ndi kwa mwanayo. Mayiwo atafunsidwa maganizo awo anati, "Mwamaliza? Ndibwezereni kubedi."

Kampani inandichotsa pa dzina lawo sabata yomweyo n'kundipatsa makasitomala ena ku Abbey Wood. Mayi wa ku ofesi uja anandiimbira, m'Chichewa, kundiuza kuti palibe amene akundiimba mlandu. Ndinamuyankha kuti ngakhale akanandiimba sindikanauvomera. Mpaka lero sindiona chimene ndinalakwa. Bambo uja akanakwera lero ndikanadzukanso. Koma kusalakwa sikunandiletse kumva chisoni, ndipo ndinachimva kwambiri.

Ndinapita kukawaona kuwodi Loweruka lina masana, pa nthawi yanga. Ndinawatengera malalanje. Ndinkayembekeza kuti andibweza pakhomo, koma analoza mpando wa pambali pa bedi. Ndinakhala pansi n'kuyamba kusenda lalanje.

"Bambo uja," anayamba iwo, "anali wamkulu bwanji?"

"Woposa bambo anga."

"Akanakhala wakuda ukanadzuka?"

"Ndikanadzuka."

"Ukanapindanso mawondo?"

"Amapinda okha, Mayi."

Anagwedeza mutu. "Ndikudziwa. Ndinkadziwa ngakhale m'basi momwe muja. Miyendo yangayi ndi imene sinkadziwa."

Kenako anandiuza chinthu chimene miyezi yonse ija sananenepo. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi kapena khumi, ankachokera kumsika ndi amayi awo, atakhala mipando ya pakati. Anakwera mzungu wina, mnyamata chabe. Dalaivala sanalankhule n'komwe, anangoyang'ana pagalasi. Amayi awo anadzuka ndi mitolo yawo, anagwirizanitsa manja, anawerama pang'ono, maso pansi, n'kumwetulira mnyamatayo. Atafika kunyumba amayi awowo anawamenya iwo chifukwa cha kanthu kakang'ono, kenako anakadzitsekera kuchipinda.

"Kumwetulirako," anatero. "Ndi kumene sindinawakhululukire mpaka anamwalira. Ndipo anali asanalakwe chilichonse. Ankangofuna kuti tikafike."

"Ine sindinamwetulire."

"Unamwetulira."

Sindinatsutse, chifukwa mwina zinali zoona. Ndinawapatsa lalanje, anadya magawo awiri n'kunena kuti ndi lowawasa, ndinaberedwa.

Tsiku lochoka, mwana wawo anandiimbira kundipempha ngati ndingabwere kudzathandiza. Achipatala anawalola kudutsira ku fulati kuti akasankhe zotenga, chifukwa chipinda cha kumene ankapita chinali chaching'ono. Mwamwayi lifiti inkagwira ntchito. Ndinawakankha pa njinga yawo chipinda ndi chipinda, iwo akuloza ndi ndodo: ichi, ichi, icho ayi. Anatenga zipewa, Baibulo, wailesi, chithunzi cha ukwati wawo ndi bulangeti losoka ndi zigamba limene linachokera ku Alabama. Mipando, mapoto, makatani amene anasoka okha, zonse zinatsala kuti anthu a zachifundo adzatenge. Mwana wawo ankatsitsa makatoni kugalimoto. Ine ndinazimitsa firiji n'kutaya zimene zinali zitaonongeka m'katimo.

Anapempha kuti ndiwaimike pawindo la pabalaza. Anayang'ana mtsinje nthawi yaitali. Pansi pankadutsa bwato lonyamula zinyalala. Sanalire, ndipo ine ndinadzigwira chifukwa ndinkadziwa kuti akaona misozi yanga andikalipira.

Titatuluka pakhonde mwana wawo anatambasula dzanja.

"Amayi, kiyi. Ndiyenera kukaisiya kukhansolo lero."

Kiyiyo inali m'chikwama chawo chakumanja. Anaitulutsa pang'onopang'ono, anaiyang'ana, n'kulambalala dzanja la mwana wawo, kuipereka kwa ine. Sanalankhule mokwiya. Analankhula ngati akundiuza kuti tiyi wazizira.

"Iwe ndi amene wanditulutsa m'nyumba muno. Tseka wekha."

Mwana wawo anati, "Amayi, musatero," koma iwo anali atatembenuza kale nkhope kuyang'ana ku lifiti.

Ndinatenga kiyiyo. Loko anali wolimba moti ndinalephera kawiri. Kachitatu ndinakoka chitseko ndi dzanja limodzi, n'kupotoza ndi linalo, ndipo anatseka.